Kuyeza kadyedwe ka anthu akuluakulu ku Turkey: buledi, tiyi ndi mchere zimathawira pati?

Nangozo:
Moni nonse akuluakulu. Ziwerengero za mchere ku Turkey zimene zimatchulidwa kawirikawiri ndi zitatu: magalamu 18 pa munthu patsiku mu 2008, magalamu 14.8 mu 2012, ndi magalamu 9.9 mu 2017. Kodi anthu anachepetsadi mchere pafupifupi ndi theka m'zaka zochepa chonchi, kapena chimene chinasintha ndi muyezo? Funso lachiwiri: munthu atafuna kuyeza kadyedwe ka akuluakulu m'chigawo chimodzi cha dzikolo, ayambe ndi njira iti, kufunsa zimene munthu anadya dzulo kapena fomu ija ya FFQ yofunsa kuti chakudya chakutichakuti mumadya kangati?

Jere:
Mayi Nangozo, ziwerengero zitatuzo sizinachoke pa sikelo imodzi. Ziwiri zoyambazo ndi za SALTurk ndi SALTurk II, kafukufuku wa bungwe la madokotala a BP ndi impso m'dzikomo, ndipo ankayeza sodium mu mkodzo wa maola 24. Wachiwiriyo anachitika m'zigawo zinayi zokha: Istanbul, Ankara, Izmir ndi Konya. Cha 2017 ndi cha kafukufuku wa STEPS wa WHO, amene amatenga mkodzo kamodzi kokha n'kuyerekeza za tsiku lonse ndi masamu. Masamu amenewa, kaya a INTERSALT, a Tanaka kapena a Kawasaki, ali ndi chilema chodziwika: amakweza amene amadya mchere wochepa, n'kutsitsa amene amadya wambiri. M'dziko limene ambiri amadya mchere wambiri, avereji imatuluka yotsika kuposa mmene zililidi. Kutsika kulipo, chifukwa boma linachitapo kanthu, koma kukula kwake musakupeze pochotsera 9.9 ku 18. Chimene sichikusintha n'chakuti ngakhale chiwerengero chaching'onocho chikuwirikiza pafupifupi kawiri magalamu 5 amene WHO imalangiza.

Mkandawire:
Ndiwonjezere pa zimene boma linachita, chifukwa pali msampha wa masamu. Mu 2012 malamulo a zakudya anatsitsa mchere wa m'buledi kuchoka pa magalamu 1.75 kufika pa 1.5 pa magalamu 100. Koma magalamu 100 amenewo ndi a buledi atachotsedwa madzi onse. Buledi wogula ku fırın, kophikira buledi, amakhala ndi madzi opitirira pang'ono gawo limodzi mwa magawo atatu, ndiye mchere wake amene munthu amadya ndi pafupifupi galamu imodzi pa magalamu 100. Wolemba 1.5 mu kompyuta pa buledi wosachotsedwa madziyo wawonjezera mchere wa buledi ndi theka. Ndipo buledi si kanthu kakang'ono kumeneko: SALTurk II inapeza kuti pafupifupi gawo limodzi mwa atatu la mchere limachokera m'buledi, woposa theka umachokera m'zakudya zophikidwa, ndipo wothira patebulo ndi wochepa. Wodya buledi magalamu 300 wadya kale mchere magalamu atatu asanakhudze tchizi, maolivi kapena turşu, masamba osungidwa m'madzi a mchere.

Mayi Nkhoma:
Pa funso lachiwiri, yang'anani kaye zimene eni dziko anachita. Kafukufuku wawo wamkulu ndi TBSA, wa Unduna wa Zaumoyo. Wa dziko lonse anachitika mu 1974, ndipo panapita zaka zambiri kuti wina wamkulu abwere mu 2010, wochitidwa limodzi ndi yunivesite ya Hacettepe. Wa 2010 ankafunsa munthu za tsiku limodzi. Wa 2017 anatsata njira ya EFSA, bungwe la ku Ulaya loona za chitetezo cha zakudya: kufunsa za maola 24 kawiri, pa masiku osatsatizana, otalikirana ndi pafupifupi sabata ziwiri. Kusinthako sikunali kwa mwambo chabe, ndipo a Mbewe afotokoza chifukwa chake bwino kuposa ine.

Kafunsidwe kake kamayenda maulendo asanu. Choyamba munthu amatchula zonse zimene anadya ndi kumwa dzulo, osamudula mawu. Kenako mumamukumbutsa zoiwalika. Kenako nthawi ndi malo a chakudya chilichonse. Kenako tsatanetsatane: mtundu, kaphikidwe, kuchuluka, zotsala pa mbale. Pomaliza mumamuwerengera zonse kuti aone chosowa.

Ulendo wachiwiriwo ndi umene muyenera kuulembanso mwa Chiteki, osangokopera wa ku America. Zoiwalika za ku Turkey ndi izi: buledi wodyera msuzi, tiyi wa pakati pa chakudya ndi shuga wake, ayran (chakumwa cha yogati) wa pa nkhomaliro, simit (kabuledi kozungulira) wogula pamsewu popita ku ntchito, nthangala za mpendadzuwa zokukuta madzulo, mtedza wa fındık, ndi zimene munthu analandira atapita kukacheza, monga börek, kısır kapena keke. Zoperekedwa kwa mlendozi munthu saziwerengera kuti ndi chakudya, amati ndi ulemu chabe. Wofunsa akangoti "munadyanso china?" yankho limakhala ayi. Atchule chinthu ndi dzina lake.

Mbewe:
Zikomo mayi Nkhoma. Nkhani ya masiku awiri ili motere. Tsiku limodzi limakupatsani avereji yabwino ya gulu, bola anthu akhale ambiri ndipo masiku onse a sabata alowemo. Limalephera pamene mukufuna kudziwa kuti ndi anthu angati pa 100 amene sakupeza calcium kapena folate wokwanira. Zimene munthu amadya zimasinthasintha tsiku ndi tsiku: lero chiwindi, mawa supu ndi buledi. Mukatenga tsiku limodzi, ziwerengero zimamwazikana kwambiri, mapeto onse awiri amatupa, ndipo mumanena kuti osowa ndi ambiri kuposa mmene alili, odya mopitirira nawonso ambiri. Tsiku lachiwiri limakulolani kulekanitsa kusiyana kwa pakati pa anthu ndi kusinthasintha kwa munthu mmodzi. Mukatero mumagwiritsa ntchito njira ya masamu ya NCI, MSM kapena SPADE kuti mupeze kadyedwe ka nthawi zonse.

Kungotenga avereji ya masiku awiriwo sikokwanira, kumwazikanako kumangochepa pang'ono. Ndipo poyerekeza, gwiritsani ntchito EAR, mlingo wokwanira theka la anthu, osati RDA. RDA inaikidwa pamwamba dala kuti ikwanire pafupifupi aliyense, ndiye kuwerenga onse amene ali pansi pake ngati osowa ndi kulakwitsa kumene kumapezeka m'malipoti ambiri. Kupatula ayironi wa amayi amene akusamba: zofuna za matupi awo n'zopendekera mbali imodzi, kotero pamafunika njira ya probability, yowerengera mpata woti munthu aliyense akusowa.

Ndalama zikachepa, tsiku lachiwiri mukhoza kulichita pa gawo la anthu osankhidwa mwamaere, osati onse.

Nangozo:
Zamveka a Mbewe. Nanga kuchuluka kwa chakudya amakuyeza bwanji? Munthu sanganene magalamu.

Mayi Nkhoma:
Sanena magalamu, koma Ateki ali ndi miyezo ya kukhitchini imene aliyense amaidziwa, ndipo ndi imene mufunsire. Su bardağı, tambula ya madzi, amaiwerengera mamililita 200. Çay bardağı, katambula ka tiyi kopyapyala m'chiuno, ndi pafupifupi mamililita 100. Pali yemek kaşığı, supuni yaikulu, tatlı kaşığı yapakati, ndi çay kaşığı yaing'ono kwambiri. Supu amayeza ndi kepçe, chipande chawo. Tchizi amayeza ndi kibrit kutusu, bokosi la machesi, limene akatswiri awo amaliwerengera magalamu 30. Kagawo kopyapyala ka buledi ndi magalamu 25.

Zovuta zimayambira pomwepo. Matambula a tiyi a masiku ano ena ndi aakulu kuposa akale. Çay kaşığı si tiisupuni ya mamililita 5 ya m'mabuku a Chingerezi, ndi yocheperapo, ndipo womasulira fomu mosasamala amasokoneza ziwirizi. Buledi ambiri sadula ndi mpeni, amanyema ndi manja, ndiye funso la "tizigawo tingati" silimveka. Funsani kuti anagula malofu angati, olemera bwanji, anadya nawo ndani, panatsala wochuluka bwanji, ndipo iyeyo anadya theka kapena kota. Kulemera kwa lofu kumasiyana pa mzinda ndi mzinda, kotero gulani angapo m'dera la kafukufukulo muwaike pa sikelo. Kumidzi muchite chimodzimodzi ndi buledi wophwatalala wa yufka ndi bazlama, ndi buledi wa mu uvuni wadothi wa tandır.

Wofunsa aliyense ayende ndi buku la zithunzi za milingo ya zakudya za Chiteki, matambula ndi masupuni enieni, ndi sikelo yoyeza mpaka galamu imodzi. Ngati tsiku lachiwiri mudzafunsa pa foni, musiyireni munthuyo kabuku ka zithunzi kokhala ndi manambala.

Kalua:
Tiyi musamupeputse. Turkey ili pamwamba pa mayiko onse pa kumwa tiyi pa munthu mmodzi, ndipo tiyi mwiniyo alibe makalori oti n'kutchula, vuto ndi shuga. Tiyerekeze munthu womwa matambula 8 patsiku, tambula iliyonse tizibuluma tiwiri ta küp şeker ta magalamu 2.5. Ndi magalamu 40, makalori 160. WHO imati shuga wothira asafike 10 peresenti ya mphamvu zonse, kutanthauza magalamu 50 kwa wodya makalori 2,000. Munthu ameneyu watsala pang'ono kufika pa malire ndi tiyi yekha. Tizibulumato timasiyana kukula malinga ndi kampani, ndiye tiyezeni. Ku Erzurum ndi madera ena a kum'mawa amamwa mwa kıtlama: amaluma kachidutswa ka shuga wolimba, n'kukasunga mkamwa uku akumwa tiyi wopanda shuga. Mukamufunsa kuti "mumathira shuga mu tiyi?" ayankha moona mtima kuti ayi, inu n'kulemba ziro.

Lembaninso nthawi ya tiyi. Womwera pa chakudya kapena atangomaliza kudya amachepetsa ayironi wa m'masamba ndi nyemba amene thupi lingatenge, ndipo tebulo la zakudya silikuonetsani zimenezo.

Mkandawire:
Mchere ndi mafuta zimabisala mu mphika, ndipo mphikawo mwamuna wofunsidwa nthawi zambiri sanauone. Njira yake ndi kufunsa wophika. Mulembe zosakaniza zonse zisanaphikidwe, kulemera kwa chakudya chitapsa, ndi gawo limene wofunsidwa anadya.

Nachi chitsanzo cha masamu. Zeytinyağlı taze fasulye, zitheba zophika m'mafuta a maolivi: zitheba kilogalamu imodzi, anyezi magalamu 150, matimati magalamu 300, mafuta a maolivi theka la su bardağı. Theka limenelo ndi mamililita 100, pafupifupi magalamu 91, makalori 820. Tinene kuti chakudya chitapsa chalemera magalamu 1,300 ndipo munthu wadya 200. Mafuta ake ndi 91 kuchulukitsa ndi 200, kugawa ndi 1,300, ndiwo magalamu 14, makalori 126. Ngati ndondomeko ya kaphikidwe ya mu kompyuta ikuti mafuta ndi magalamu 40 pa mphika womwewo, mulemba magalamu 6 okha. Chakudya chimodzi chokha chimenecho.

Funsaninso mtundu wa mafuta. Ku Aegean ndi a maolivi, m'makhitchini ambiri ndi a mpendadzuwa, ku Black Sea batala ndi wambiri, kum'mwera chakum'mawa nyama yogaya ya kebab amaithira kuyruk yağı, mafuta a mchira wa nkhosa. Makalori ndi ambiri m'mafuta onsewa, koma mtundu wa mafuta olowa m'thupi ndi wosiyana kotheratu.

Salça, phala la matimati kapena tsabola, nayo: ya kufakitale mchere wake unatsitsidwa ndi lamulo, koma yopanga pakhomo yowumitsa padzuwa amaithira mchere wambiri kuti isaole. Chimodzimodzi turşu, tarhana (ufa wa supu) ndi tchizi wa m'madzi a mchere. Fomu ikhale ndi malo olemba kuti chogula kapena chopanga okha, ndiponso ngati tchizi ndi maolivi amaziviika kaye m'madzi asanadye.

Nangozo:
Nanga kumene amadyera mbale imodzi? Kwathu kuno ndi pamene kafukufuku wa ndiwo amasokonekera, aliyense atapisa m'mbale imodzimodziyo.

Mayi Nkhoma:
N'chimodzimodzi achemwali. Pa kahvaltı, chakudya cha m'mawa, tchizi, maolivi, matimati, nkhaka, jamu ndi menemen (mazira a matimati) zimakhala pakati, aliyense n'kumatenga. Kumidzi pa yer sofrası, podyera pansi, ngakhale pilav, mpunga kapena bulgur (tirigu wosinja) wophika, imakhala m'mbale imodzi. Zowerengeka funsani ndi nambala: maolivi angati, sarma (masamba okulungira mpunga) zingati, köfte (timibulu ta nyama yogaya) zingati. Pa maolivi, njere zotsala pambali pa mbale zimamuthandiza munthu kukumbuka. Zosawerengeka, yambani ndi kuchuluka kwa mbale yonse, anthu amene anadya ndi misinkhu yawo, kenako masupuni a wofunsidwayo. Kugawa mofanana ndi chiwerengero cha anthu ndi njira yomaliza, ndipo mukaigwiritsa ntchito ikani chizindikiro pa mzerewo kuti wowerengera adziwe.

Mbewe:
Tikachoka ku fomu tipite ku kompyuta, chifukwa nakonso kuli maenje. Ofufuza ambiri ku Turkey amagwiritsa ntchito BeBiS. Pulogalamuyi inachokera ku EBISpro ya ku Germany, ndipo ziwerengero zake zambiri ndi za nkhokwe ya BLS ya komweko, n'kuwonjezera zakudya za Chiteki. Turkey ili ndi nkhokwe yakeyake, TürKomp, imene inatsegulidwa mu 2014 pansi pa TÜBİTAK, bungwe la boma la sayansi, ya zakudya zoyezedwa mu labotale m'dziko momwemo, koma zakudya zake n'zochepa poyerekeza ndi BLS. Choyenera kuchita n'chakuti zakudya zimene zimapereka mbali yaikulu, monga buledi, beyaz peynir (tchizi woyera), yogati, bulgur, salça ndi maolivi, muziyerekeze m'nkhokwe zonse ziwiri musanayambe kuwerengera, ndipo mulembe imene mwasankha.

Cholakwika chachikulu pa ntchito imeneyi ndi kusokoneza chosaphika ndi chophika. Mpunga, bulgur ndi mphodza zikapsa zimalemera kawiri ndi theka kapena katatu. Wolowetsa magalamu 200 a pilav pa kodi ya bulgur wouma wamupatsa munthu makalori oposa 600 pa mbale imodzi. Sanjani zotuluka kuyambira wa makalori ambiri, mufufuze mafomu a onse amene ali pamwamba kwambiri ndi pansi kwambiri. Vitamini C ndi folate zimatayika pophika, ndiye onetsetsani kuti pulogalamu ikuchotsera zotayikazo.

Kalua:
A Mbewe, inu mwalimbikira kufunsa za maola 24, koma FFQ musaitaye. Nsomba ndi chitsanzo. Hamsi imadyedwa kwambiri m'nyengo yozizira, makamaka ku Black Sea, ndipo munthu wa ku Anatolia wapakati akhoza kutha milungu osadya nsomba. Masiku awiri adzakuuzani kuti ambiri sadya nsomba n'komwe, zimene si zoona.

Mbewe:
Sindikuitaya achimwene, ndikukana kuti ikhale yokha. FFQ imatha kusanja anthu kuti uyu amadya kwambiri kuposa uyu, koma siyeza magalamu molondola, ndipo mndandanda ukatalika anthu amachulukitsa masamba ndi zipatso. Chimene EFSA imalangiza ndi fomu yaifupi ya kangati, ya zakudya za apo ndi apo monga nsomba, chiwindi, mowa ndi mapiritsi a mavitamini, n'kuiphatikiza ndi masiku awiri aja. Njira ya NCI ndi MSM zimalandira mayankho amenewa kuti zilekanitse wosadya konse ndi amene sanadye masiku awiriwo basi.

Ngati mayi Nangozo afunadi FFQ yathunthu, mndandanda uchokere ku zimene anthu a m'chigawocho atchula pofunsidwa za maola 24, osati kumasulira fomu ya dziko lina. Aiyese pa anthu osachepera 100 poyerekeza ndi masiku angapo a kufunsa kapena kulemba, m'nyengo zosiyana. Correlation, muyezo wa kuyendera limodzi kwa ziwerengero, yokha isawanyenge: njira ziwiri zikhoza kuyendera limodzi bwino pamene ina ikuwonjezera theka nthawi zonse. Ajambule girafu ya Bland-Altman, aone kusiyana kwenikweni, ndipo michere aiwerengere atachotsa mphamvu ya makalori onse.

Mayi Nkhoma:
Kalendala. Mwezi wa Ramadan kadyedwe kamasinthiratu: iftar (chakudya chomasulira madzulo), sahur (cha m'bandakucha), buledi wa pide wa mweziwo, chotsekemera cha güllaç, zipatso za kanjedza. Kurban Bayramı, Idi ya nsembe, imakweza kudya nyama kwa masiku angapo, ndipo ina amaisunga ngati kavurma, nyama yokazinga m'mafuta ake. Masiku amenewa amabwerera m'mbuyo ndi masiku pafupifupi 11 chaka chilichonse, ndiye awerengereni pa chaka cha kafukufuku wanu. Kapena muwapewe, kapena muwayeze padera. Nyengo nayo: chilimwe ndi cha matimati, mavwende ndi mabiringanya, nyengo yozizira ndi ya nyemba zouma, tarhana, turşu ndi malalanje. Kafukufuku wa miyezi iwiri yokha amayeza nyengo imeneyo basi.

Jere:
Tsopano za kunena zochepa. TBSA 2010 inapeza kuti 30.3 peresenti ya akuluakulu ndi onenepa kwambiri, amuna 20.5 ndipo amayi 41.0. N'zodziwika m'mayiko onse kuti onenepa amanena chakudya chochepa kuposa chimene adya, ndiye m'gulu lotere vutoli ndi lalikulu. Muyese ndi njira ya Goldberg, yogawa makalori amene munthu wanena ndi amene thupi lake limafuna ali chigonere. Mayi wa zaka 45 wolemera makilogalamu 80, masamu a Schofield amamupatsa makalori pafupifupi 1,500 ongoyendetsera thupi ali chigonere. Akanena 1,200, kugawa kumatuluka 0.8. Pa tsiku limodzi, kwa munthu wa ntchito zopepuka, malire a pansi ndi cha pa 0.87, ndiye iyeyu wagwa kunsi. Musamuchotse mwakachetechete, chifukwa mukatero mwachotsa onenepa ambiri ndipo gulu lanu lasintha. Werengerani kawiri, ali mkati ndiponso atachotsedwa, muonetse zonse. Msinkhu ndi kulemera muyeze nokha, osafunsa.

Mowa nawo anthu ena sanena pamaso pa abale. Funso limenelo lifunsidwe munthu ali yekha.

Nangozo:
A Jere, mwati mchere sungayezedwe bwino ndi mafunso. Mkodzo wa maola 24 amatolera bwanji kuti usawonongeke?

Jere:
Munthu akadzuka, mkodzo woyamba autaye n'kulemba nthawi. Kuyambira pamenepo wonse ulowe m'chigubu, usana ndi usiku, mpaka woyamba wa m'mawa wotsatira pa nthawi yomweyo, umenewo ulowe. Mupatseni chigubu cha malita atatu kapena kuposa, kabotolo koyenda nako ku ntchito, jagi kwa amayi, ndi pepala lolembapo ngati wina watayika. Chigubu chikhale pozizira. Ku labotale muyeze kuchuluka konse musanatengeko pang'ono. Ambiri amaiwala, ndipo popanda kuchulukako zotsatira zilibe ntchito.

Masamu ake: sodium wa pa lita kuchulukitsa ndi malita. Mukapeza mamilimolo 170, chulukitsani ndi 23, ndiwo mamiligalamu 3,910 a sodium, kenako ndi 2.54, ndiwo magalamu 9.9 a mchere. Mu mkodzo mumatuluka pafupifupi 90 peresenti ya sodium wodyedwa, wotsala amapita ndi thukuta ndi chimbudzi, ndipo wolima ku Şanlıurfa kapena ku Adana m'mwezi wa July amataya wambiri ndi thukuta. Wosakwanira mumauzindikira ndi kuchepa kwake, monga pansi pa theka la lita, ndi creatinine wotsika poyerekeza ndi thupi la munthuyo, kapena ndi mapiritsi a PABA ngati bajeti ilola. M'chigubu chomwecho muyezenso potassium, nitrogen wa mapuloteni, ndi ayodini, popeza mchere wa patebulo ku Turkey unalamulidwa kuthiridwa ayodini kuyambira 1998, ndipo kuchepetsa mchere kumakhudza ayodini.

Kalua:
Ngati magazi mutenga, zinthu zitatu. Vitamini D musamuweruze ndi chakudya, gwero lake lalikulu ndi dzuwa, ndiye yezani 25(OH)D m'magazi n'kulemba mwezi. Ferritin, woonetsa ayironi wosungidwa m'thupi, ayende ndi CRP, yoonetsa ngati thupi likulimbana ndi matenda, chifukwa thupi likamalimbana ndi matenda ferritin amakwera n'kubisa kusowa kwa ayironi. Haemoglobin muikonze malinga ndi kukwera kwa malo ndi kusuta: Erzurum ili pa mamita pafupifupi 1,900 ndipo osuta m'dzikolo ndi ambiri. Komanso m'mbali mwa nyanja ya Mediterranean, ku Antalya, Muğla, Adana ndi Hatay, muli anthu ambiri obadwa ndi chibadwa cha thalassaemia, matenda a magazi otengera kwa makolo. Maselo awo ofiira ndi aang'ono ngati a wosowa ayironi, koma chakudya sichinalakwe. Wongoyeza haemoglobin n'kunena kuti sadya nyama yokwanira waphonya.

Mkandawire:
Pa kusankha anthu, mayi Nangozo, dzikolo lili ndi zigawo 81 zoikidwa m'madera akuluakulu 12 a ziwerengero, ndipo TÜİK, bungwe la boma la ziwerengero, ndi imene imasankha makomo kuchokera m'kaundula wa ma adiresi. Mukafika masana pakati pa sabata mupeza amayi apakhomo ndi opuma pantchito. Amuna ogwira ntchito, amene amadya nkhomaliro ku lokanta (lesitilanti) kapena ku kantini ya fakitale, simuwapeza. Ikani maulendo a madzulo ndi a Loweruka, mubwerere katatu musanalembe kuti munthu sanapezeke. Kum'mwera chakum'mawa mufunika ofunsa olankhula Chikedishi kapena Chiarabu, makamaka kwa amayi achikulire. Odya ku kantini, kaphikidwe mukakatenge kwa wophika wa kantiniyo, ndi kulemera kwa chipande chimene amagawira.